Mabutho a Angoni: Ulamuliro wa Misinkhu, Ng'ombe ndi Chishango

Nkhani yathu ya mbiri lero tiyiyambira m'boma la Mwanza, kumalire a dziko lathu ndi Mozambique, kumene apaulendo ambiri amangokudziwa chifukwa cha manachesi ndi chipata cha pa msewu wopita ku Tete. M'boma limeneli muli Inkosi Kanduku ya fuko la Maseko, imodzi mwa mafumu a Angoni amene amayang'ana kwa Inkosi ya Makosi Gomani ku Ntcheu. Pakakhala mwambo, amuna amavala zikopa ndi nthenga, nanyamula zishango ndi zibonga, navina ngoma mpaka nthaka kunjenjemera. Koma akatula zishangozo, chilankhulo chawo ndi chomwe tikulankhula panochi, ndipo mukafufuza mizu yawo mupeza kuti makolo a ambiri mwa iwo adali Amang'anja, Achewa, Antumba kapena Ambo, anthu amene sadaliponde dziko la Azulu kapena la Aswazi.

Funso lathu ndi ili: zidatheka bwanji kuti kagulu ka anthu oweta ng'ombe, kothawa nkhondo kutali kumwera, kadzalamulire dera lalikulu lochokera ku Dedza, kudzera ku Ntcheu, mpaka ku Neno ndi Mwanza, ndi kusandutsa anthu a mitundu ina kukhala Angoni? Ambiri amafulumira kuyankha kuti chinsinsi chidali mkondo waufupi ndi chishango chachikulu. Zida zimenezi zidathandizadi, komatu mkondo mmisiri aliyense angathe kusula. Chimene anthu a kuno adalibe ndi dongosolo losanja amuna onse a m'dziko potsata misinkhu yawo ndi kuika msinkhu uliwonse m'manja mwa mfumu. Pa Chizulu gulu lotere limatchedwa ibutho, akachuluka amabutho. Ife m'nkhani ino tizingoti butho ndi mabutho.

Chifukwa chake oweta ng'ombe amasanja misinkhu

Mwambo wosanja anthu m'misinkhu umapezeka kwambiri pakati pa mitundu yoweta ng'ombe, ndipo chifukwa chake sichovuta kuchiona. Munda suyenda, ndipo wakuba sangausenze usiku. Ng'ombe imayenda: lero ili pano, mawa yatsata msipu, mkuja mdani waikusa. Chuma chotere chimafuna anyamata amphamvu okhala tcheru nthawi zonse, otha kusonkhana msanga ngakhale midzi yawo ili yotalikirana. Chimafunanso akuluakulu oweruza nkhani za madzi, za msipu ndi za malowolo. Chotero mitundu yambiri idagawa ntchito potsata msinkhu: ana kubusa, anyamata kunkhondo, amuna okwatira kumabanja, okalamba kubwalo.

Amaasai a ku Kenya ndi Tanzania ndi chitsanzo chodziwika. Iwo sadakhale ndi mfumu yaikulu yolamula mtundu wonse. Pakapita zaka pafupifupi 15 amatsegula msinkhu watsopano, ndipo anyamata onse olowamo amakhala ngati abale moyo wawo wonse. Amayamba monga ankhondo, kenaka pa mwambo wa Eunoto amayi awo amawameta tsitsi, ndipo kuyambira pamenepo angathe kukwatira ndi kuyamba kukhala nawo pabwalo. Msinkhu uliwonse watsopano umakhala ndi akuluakulu ouyang'anira, amene amaukolezera moto pa chiyambi, ndipo akuluakuluwo ali ndi mphamvu yodalitsa kapena kutemberera anyamatawo. Aborana, nthambi ya Aoromo a ku Ethiopia ndi kumpoto kwa Kenya, ali ndi dongosolo lotchedwa Gadaa, m'mene ulamuliro umachoka m'manja mwa gulu limodzi kupita kwa gulu lotsatira pakapita zaka 8 zilizonse, ndipo mtsogoleri, Abba Gadaa, amatula pansi udindo nthawi yake ikakwana. Bungwe la UNESCO lidalemba dongosolo limeneli m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse m'chaka cha 2016.

Mwa mitundu iwiri imeneyi misinkhu ndiyo boma, ndipo palibe munthu mmodzi amene angati misinkhuyo ndi yake. Kumwera kwa Africa nkhani idayenda njira ina, ndipo njira imeneyo ndiyo idafika kwathu kuno.

Pamene mafumu adalanda misinkhu

Makolo a Azulu, Aswazi ndi Angoni nawonso ankasonkhanitsa anyamata a msinkhu umodzi pa mwambo wa mdulidwe. Koma cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, pamene nkhondo zolimbirana msipu, ng'ombe ndi malonda zidakula, mafumu monga Dingiswayo wa Amthethwa ndi Zwide wa Andwandwe adayamba kugwiritsa ntchito misinkhuyo monga asilikali a mfumu. Mwambo wa mdulidwe udasiyidwa, ndipo m'malo mwake mnyamata ankakula polowa butho. Shaka, amene adalamulira Azulu kuyambira cha m'ma 1816 mpaka 1828, adalimbitsa dongosololi koposa onse. Iye ankaitana anyamata a msinkhu umodzi kuchokera m'mafuko onse amene adawagonjetsa, nawapatsa dzina limodzi, mtundu umodzi wa chishango ndi mudzi wawo wa usilikali. Zishangozo zinkasokedwa ndi zikopa za ng'ombe za mfumu, zakuda kwa anyamata, zoyera kwa ankhondo akale.

Mphamvu yaikulu ya mfumu idali pa ukwati. Butho silinkakwatira kufikira mfumu italoleza, ndipo chizindikiro cha chilolezocho chidali mkombero wosokerera kutsitsi, umene Azulu amati isicoco. Atsikana nawo ankasanjidwa m'mabutho awo, ndipo mfumu inkatha kulamula kuti butho lakuti la atsikana likwatiwe ndi butho lakuti la amuna. Lamulo limeneli lidali lolemera. M'chaka cha 1876 atsikana a butho la iNgcugce adakana amuna achikulire amene mfumu Cetshwayo idawalozera, ndipo ena mwa iwo adaphedwa chifukwa cha kukanako. Apa tikuona kuti mfumu yogwira misinkhu inkagwira nthawi imene munthu angamange banja, kukhala ndi khola lake ndi kutchedwa munthu wamkulu.

Ulendo wa ku Domwe

Zwide atagonja kwa Shaka cha m'ma 1819, magulu angapo adathawira kumpoto. Gulu la Zwangendaba Jere lidawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835, tsiku limene kudachitika kadamsana, ndipo mbumba yake ndiyo Angoni a M'mbelwa ku Mzimba ndi a Mpezeni ku Chipata ndi Mchinji. Gulu lina, la Ngwana Maseko, lidachokera ku dziko limene lero likutchedwa Eswatini. Ilo lidawoloka Zambezi chakumunsi, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1830, ndipo motsogozedwa ndi Mputa lidapyola dziko lino, nkuzungulira kum'mawa kwa nyanja mpaka ku Songea, m'dziko la Tanzania. Kumeneko lidakangana ndi Angoni ena, Mputa naphedwa, ndipo mbale wake Chidyaonga adabwerera nawo anthu kumwera. Cha m'ma 1870 adawolokanso Shire nakhazikika pa phiri la Domwe, m'dera la Angonia. Chidyaonga atamwalira ufumu udapita kwa Chikuse, mwana wa Mputa.

Ulendo wonsewu udatenga zaka pafupifupi 50. Ambiri mwa amene adanyamuka kumwera adafera panjira, komabe gulu limene lidafika pa Domwe lidali lalikulu kuposa limene lidanyamuka, pakuti m'njira monse linkatola anthu: Akalanga kutsidya kwa Zambezi, Antumba ndi Achewa kuno, Amatengo kum'mawa kwa nyanja. Dera la Mwanza ndi Neno lili kumwera kwa Domwe, potsata mzere wa mapiri a Kirk Range, pafupi ndi njira zotsikira ku Shire. Nchifukwa chake lidalawa nkhondo za Angoni, lidapereka ana ake ku mabutho, ndipo pambuyo pake lidalandira mafumu ndi midzi ya Angoni.

Kuchokera ku laweni kufika ku chibaya

Tsono tiyeni tione m'mene mwana wamwamuna ankakulira. Mayi wina wa ku England, Margaret Read, adakhala pakati pa Angoni a dziko lino m'zaka za m'ma 1930, nacheza ndi okalamba amene adamenyako nkhondo, ndipo zambiri za kaleredwe kameneka adazilemba m'mabuku ake. Mwana akagulula mano oyamba ankachoka m'nyumba ya amayi ake kukagona ku laweni, nyumba ya anyamata imene pa Chichewa timati mphala kapena gowelo. Kumeneko kudalibe kufunsa kuti bambo wako ndani. Wamkulu ankatuma wamng'ono kukatola nkhuni ndi kukatunga madzi, wamng'ono namvera, podziwa kuti tsiku lina nayenso adzatuma ena. Mwana ankayamba ndi kuweta mbuzi ndi ana a ng'ombe, kenaka ng'ombe zazikulu. Kubusa ndiko kudali sukulu: ankaphunzira kumenyana ndi ndodo, kuponya chibonga, kupirira njala ndi mvula, ndi kudziwa ng'ombe iliyonse ndi maanga ake.

Pakapita zaka zingapo Inkosi inkaitanitsa anyamata amene afika msinkhu, ndi kuwapanga butho latsopano lokhala ndi dzina lake ndi nduna yake. Angoni a kuno sadamange midzi ya asilikali okhaokha monga ya Shaka. Majaha, ndiko kuti anyamata ankhondo, ankakhala m'midzi yawo, koma mthenga wa Inkosi akafika ankanyamuka aliyense kukakumana ndi anzake a msinkhu wake. Nkhondo kawirikawiri inkatuluka anthu atakolola, m'nyengo ya chilimwe. Poyambira pake ndi pothera pake padali pa chibaya, khola lalikulu la ng'ombe limene lidali pakati pa mudzi wa Inkosi. M'khola momwemo ankapempha mizimu ya mafumu, momwemo ankaweruza milandu yaikulu, ndipo momwemo ankhondo obwerera ankavina ligubo, aliyense naonetsa pamaso pa Inkosi ndi pa anthu onse zimene adachita kunkhondo.

Ntchito zitatu za mabutho pa ndale

Ntchito yoyamba idali kusandutsa mlendo kukhala Mngoni. Mwana wogwidwa kunkhondo ankaperekedwa ku banja la Chingoni, nagona ku laweni pamodzi ndi ana a eni mudzi, naweta nawo ng'ombe, nalowa nawo butho limodzi. Pofika nthawi yonyamula chishango adali atatenga mayendedwe, nyimbo ndi ulemu wa Chingoni, ndipo nthawi zambiri ndi mfunda womwe. Akachita chamuna ankatha kukwera mpaka kukhala nduna yokhala ndi mudzi ndi anthu akeake. Chiwere Ndhlovu, amene adakhazikitsa ufumu wa Angoni ku Dowa, adali Mnsenga wogwidwa panjira. Ng'onomo Makamo, kazembe wotchuka wa nkhondo za M'mbelwa, adali wochokera kwa Athonga a kumwera. Pali mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Angoni adauchita mwambi umenewu ndi mkondo m'manja, koma adauchitadi, ndipo ndi m'mene kagulu kochepa kadasandukira mtundu.

Ntchito yachiwiri idali kuchepetsa mphamvu za akuluakulu a midzi. Dziko la Angoni lidagawidwa m'midzi ikuluikulu ya ana a mfumu, ya alumuzana, amene adali atsogoleri a mafuko olemekezeka, ndi ya nduna. Aliyense wa iwowa adali ndi anthu ake ndi ng'ombe zake, ndipo aliyense akadatha kudziyesa mfumu payekha. Butho linkadula malire onsewa. Mnyamata wa m'mudzi wa nduna iyi ankaima phewa ndi phewa ndi mnyamata wa m'mudzi wa nduna ina, ndipo dzina limene onse ankanyadira lidachokera pakamwa pa Inkosi. Chotero munthu aliyense adamangidwa ndi zingwe ziwiri: china chomukokera kumudzi kwa atate ake, china chomukokera ku chibaya cha Inkosi. Pamene chingwe chachiwiri chidali cholimba, dziko lidali limodzi.

Ntchito yachitatu idali kugawa chuma ndi maudindo. Mwa Angoni mwana ndi wa kwa atate, ndipo chimene chimamanga ana ku banja la atate ndi ng'ombe za malowolo. Wopanda ng'ombe adalibe njira yomangira nyumba yakeyake. Ng'ombe zolandidwa kunkhondo zinkafika poyamba pamaso pa Inkosi, ndipo iyo ndiyo inkagawa kwa nduna ndi kwa ankhondo amene adaonetsa kulimba mtima. Lamulo la ukwati silidali louma monga la Shaka, komabe mnyamata sankathamangira banja asadatumikire. Akatumikira, nakwatira, nakhala ndi khola, ankalowa m'gulu la madoda, amuna okhwima amene mawu awo ankamveka pabwalo. Taonani tsono m'mene zinthu zidalumikizirana: nkhondo inkabala ng'ombe, ng'ombe zinkabala banja, banja linkabala mpando pabwalo, ndipo mlomo wotsegula nkhondo udali wa Inkosi. Mnyamata wofuna kukula adalibe njira ina yoposa kumvera.

Mbali ya ogonjetsedwa

Achewa ndi Amang'anja amene Angoni adawapeza adali ndi ulamuliro wa mtundu wina. Munthu adali wa kwa amayi ake, mwini mbumba adali malume, ndipo mwamuna kawirikawiri ankapita chikamwini. Chinamwali ndi dambwe zinkakuza ana, koma zidali m'manja mwa mfumu ya mudzi imene idali ndi mzinda, ndipo padalibe mfumu imene ikadatha kuitana anyamata onse a msinkhu umodzi kuchokera m'dziko lonse tsiku limodzi. Ufumu wakale wa Kalonga, wa Undi ndi wa Lundu udali utafooka kale, ndipo malonda a akapolo adali atasokoneza midzi yambiri. Chotero mudzi uliwonse udakumana ndi mabutho pawokha.

Tisabise, omvera, kuti mtengo wa dongosolo limeneli adalipira ndi anthu ena. Midzi idatenthedwa, nkhokwe zidaphwasulidwa, ana adalekanitsidwa ndi amayi awo. Anthu adasiya minda yachonde nakakhala m'malinga ndi pamwamba pa mapiri, kumene njala inkawapeza. M'chaka cha 1884 ankhondo a Chikuse adawoloka Shire nasakaza midzi ya ku mapiri a Blantyre ndi Zomba, anthu nathawira m'mapiri ndi ku mishoni. Amene adagonja nakhala pansi pa Angoni ankapereka mitulo ya chakudya ndi kulima minda ya ambuye awo. Komabe ogonjawo adapambana pa chinthu chimodzi. Akazi ogwidwa ndiwo adalera ana a Angoni, ndipo mwana amayamwa chilankhulo pamodzi ndi bere. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 Chingoni chidayamba kuzilala pakati pa Amaseko, nkutsalira m'nyimbo, m'mayina ndi m'mawu otamanda mafumu. Butho lidapatsa mwana wa Mchewa chishango cha Chingoni. Mayi wa Chichewa adapatsa mwana wa Mngoni lilime lake. Anthu a ku Mwanza, Neno ndi Ntcheu lero ndi zidzukulu za mbali zonse ziwiri.

Ming'alu ya m'kati

Dongosolo la mabutho lidali ndi zofooka zake, ndipo zidaonekera Azungu asadalande dziko. Choyamba, munthu amene wamuphunzitsa nkhondo angathe kukutembenukira. Cha pakati pa zaka za m'ma 1870 Atonga amene adakulira pakati pa Angoni a M'mbelwa adathawa kubwerera kunyanja, ndipo ankhondo amene adawalondola adagonjetsedwa ku Chintheche ndi anthu odziwa bwino machenjera onse a Chingoni. Atumbuka a Baza Dokowe nawo adaukira, koma iwo adathera pa phiri la Hora cha m'ma 1880.

Chachiwiri, butho linkamanga dziko pokhapokha Inkosi ikakhala imodzi. Pa Domwe, Chifisi, mwana wa Chidyaonga, sadakhutire ndi ufumu wa Chikuse, ndipo adapatuka ndi anthu ake. Onse awiri adamwalira m'chaka cha 1891, mkangano nutsalira ana awo, Gomani ndi Kachindamoto. Amuna amene makolo awo adayenda ulendo umodzi kuchokera ku Songea adalasana okhaokha, mbali iliyonse nkufuna thandizo la Ayao okhala ndi mfuti, mpaka Kachindamoto adatsikira ku Mtakataka, kumene ufumu wake uli mpaka lero.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, dongosololi linkadya nkhondo monga moto udya nkhuni. Msinkhu uliwonse watsopano unkafuna mpata wake wopezera ng'ombe ndi mbiri, pakuti popanda zimenezo ukadakhala ana mpaka imvi. Choncho anyamata ankatha kukankha mfumu kumene iyo sikadafuna kupita. Izi zidaoneka poyera kwa Mpezeni. Mfumuyo idali yokalamba ndipo inkachita zinthu mosamala ndi Azungu a kampani ya North Charterland, amene ankafuna golide m'dziko lake. Koma mabutho a anyamata adatsata mwana wake Nsingo, amene adafuna kuwapirikitsa. Mu Januwale 1898 asilikali a Britain ochokera m'dziko lino adalowa ndi mfuti zazikulu, ndipo zishango sizidathe kutchinga zipolopolo. Nsingo adawomberedwa mu Febuluwale chaka chomwecho, Mpezeni adasungidwa ku Fort Manning, kumene lero timati Mchinji, ndipo ng'ombe zikwizikwi zidalandidwa. Makolo adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mwa Amaasai dambo limeneli lidamangidwa m'dongosolo lenilenilo, pakuti msinkhu uliwonse udali ndi akuluakulu ouzimitsa. Mwa Angoni zonse zidatsamira pa Inkosi, ndipo Inkosi ikakalamba kapena ikakhala pa mkangano, moto unkasowa pozimira.

Kutha kwa mabutho

Kwa Amaseko mapeto adafika msanga. M'chaka cha 1891 Britain ndi Portugal adagwirizana za malire, ndipo mzere wawo udatsata mapiri, nudula dziko la Angoni pakati: Domwe adagwera kwa Apwitikizi, pamene Ntcheu, Neno ndi Mwanza adagwera kwa Angerezi. Pa nthawi yomweyo anyamata adapeza njira ina yopezera chuma. Magulumagulu ankatsikira ku minda ya khofi ya ku Blantyre ndi madera ozungulira kukagwira ntchito ya malipiro, ndipo boma latsopano lidayamba kufuna msonkho wa nyumba wa mashileni atatu. Gomani adaona bwino tanthauzo la zimenezi: mnyamata wolandira nsalu ndi ndalama kwa Mzungu, napereka msonkho ku boma, sadzadikiranso ng'ombe ya Inkosi. Mu Okutobala 1896 ankhondo ake adaukira midzi yoyandikana ndi mishoni ya ku Dombole. Asilikali a boma adabwera, namugwira, ndipo pa 27 Okutobala 1896 adamuwombera. Manda ake ali pa Nkolimbo m'boma la Ntcheu. Angoni a M'mbelwa adalowa pansi pa boma la Britain m'chaka cha 1904 mwa pangano, popanda nkhondo.

Nkhondo zitaletsedwa, mabutho atsopano adaleka kupangidwa, pakuti ntchito yawo idatha. Koma njala ya ng'ombe za malowolo sidathe, ndipo msonkho udawonjezerapo njala ya ndalama. Anyamata a msinkhu umodzi adapitiriza kunyamuka pamodzi, tsopano kupita ku minda ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, ndi ku Johannesburg, kapena kukalowa usilikali wa King's African Rifles, umene udakhazikitsidwa m'chaka cha 1902. Ambiri adadzera pa Mwanza pomwepa, nawoloka Zambezi pa Tete, kubwerera kumwera m'njira yofanana ndi imene makolo awo adadzera pobwera. Wobwera ku ulendo ndi sutikesi, njinga ndi ndalama zogulira ng'ombe ankalandiridwa monga munthu amene wakula. Kusiyana kwake kudali kwakuti chilolezo cha kukula sichinkachokeranso ku chibaya cha Inkosi.

Ulemu wa ufumu sudafe pamodzi ndi mabutho. Philip Gomani, mwana wa Gomani woyamba, adalongedwa ufumu m'chaka cha 1921, ndipo m'chaka cha 1953 adauza anthu ake kuti akane chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Boma la atsamunda lidamuchotsa pa udindo, ndipo adamwalira m'chaka cha 1954. Anthu adamumvera ngakhale adalibe butho ndi limodzi lomwe loti awaopseze nalo.

Zimene zatsala

Ku Eswatini mabutho akalipo, ndipo amasonkhana kwa mfumu pa mwambo wa Incwala. Kwa Mpezeni mwambo wa Nc'wala, umene udaleka pambuyo pa nkhondo ya 1898, udayambanso m'chaka cha 1980. Amaseko amasonkhana pa Nkolimbo pa mwambo wa Umhlangano, kumene mafumu ochokera ku Ntcheu, Dedza, Neno, Mwanza, Thyolo ndi ku Mozambique amakafuula Bayethe pamaso pa Inkosi ya Makosi. Mukadzaona ngoma ikuvinidwa, yang'anitsitsani m'mene amuna amaimira m'mizere ndi m'mene mapazi onse amagundira pansi nthawi imodzi: amenewo ndi mayendedwe a butho. Ngakhale mawu akuti impi, amene kale ankatanthauza gulu la nkhondo, lero pakati pa Amaseko ndi dzina la udindo wa alangizi a mfumu.

Chatsalanso ndi funso limene mabutho ankayankha m'njira yawo: kodi dziko lichite nawo chiyani anyamata ake, ndipo iwo amvere yani? Dziko lathu lidakumana nalonso funso limeneli m'nthawi ya Malawi Young Pioneers, gulu limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1963, lidaphunzitsa achinyamata ulimi ndi ntchito zamanja, koma lidakhalanso chida choopsezera anthu m'manja mwa mtsogoleri mmodzi, kufikira asilikali adalilanda zida mu Disembala 1993. Gulu limeneli silidachokere ku mabutho, koma phunziro lake ndi lofanana. Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti pafupifupi theka la anthu a m'Malawi adali osakwana zaka 18. Mbiri ya Angoni ikutiuza kuti achinyamata akapatsidwa njira yooneka yokulira, yosayang'ana kuti atate awo ndani, amamanga mtundu umodzi kuchokera mwa anthu osiyana. Ikutiuzanso kuti njira imeneyo ikakhala yodzera pa kuvutitsa anansi, kapena ikakhala m'manja mwa munthu mmodzi popanda akuluakulu omubweza, imatha ndi misozi. Mphala ndi khola zikuchepa m'midzi yathu, koma ana akukulabe, ndipo akuyang'ana kwa ife kuti tiwauze pamene adzatchedwe akuluakulu ndi chimene ayenera kuchita kuti afikepo.